Womasulira mmodzi, ogogoda ambiri: Python ndi Lua m'kati mwa pulogalamu ya ma thread ambiri

Python 3.13 itatuluka mu Okutobala 2024, olemba mapulogalamu ambiri anasangalala ndi nkhani imodzi: GIL, loko wolola thread (mzere wa ntchito) imodzi yokha kuyendetsa Python pa nthawi, yemwe wakhala akudandaulitsa anthu kwa zaka zoposa 30, tsopano akhoza kuchotsedwa. Patatha chaka, Python 3.14 inabwera ndi chilengezo chakuti mtundu wopanda lokoyo sulinso wongoyeserera, ngakhale kuti munthu amachita kuusankha yekha. Ambiri anangogwira mutu wa nkhani n'kuthamanga nawo, amvekere vuto la ma thread mu Python latha.

Pali gulu lina lomwe linaimva nkhaniyi mosiyana. Ndi aja ali ndi pulogalamu yaikulu yolembedwa mu C, C++ kapena Rust, m'kati mwake ataikamo Python kapena Lua kuti ogwiritsa ntchito azilemba timalamulo tawotawo. Kwa iwo GIL sinali chinthu chongochedwetsa ntchito. Inali lamulo la pakhomo, lonena kuti alowe ndani, liti, ndipo atuluke bwanji. Loko akhoza kuchoka, koma funso limatsala lomwe lija: pa nthawi inoyo, womasulira, pulogalamu yomwe imayendetsa Python kapena Lua, ali m'manja mwa ndani?

Kuika chinenero m'mimba mwa pulogalamu ina

Zolembedwa mu C kapena C++ zimayamba zasandutsidwa kukhala malamulo a makina, kenako pulogalamu imayenda yokha. Python, Lua, Tcl, Ruby ndi JavaScript zimadalira pulogalamu ina yomwe imawerenga zomwe mwalemba n'kumazichita. Pulogalamu imeneyi imatchedwa interpreter, koma m'nkhani ino tizingoti womasulira. Zomwe mumamulembera womasulirayo ndiye script.

Womasulira sachita kufuna nyumba yakeyake. Ndi laibulale (code yolembedwa kale yoti mapulogalamu ena aziigwiritsa ntchito) ngati ina iliyonse, moti mukhoza kumulumikiza ku pulogalamu yanu n'kumudzutsa ndi lamulo limodzi. Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, ili ndi Python m'kati. GDB, chida chofufuzira zolakwika m'mapulogalamu, nayonso ili ndi Python. Redis, Neovim, Wireshark, Adobe Lightroom ndi masewera a World of Warcraft zili ndi Lua. Cholinga chake n'chimodzi: ntchito yolemera, yofuna liwiro, imakhala mu C kapena C++, pomwe zinthu zosinthasintha zimalembedwa mu script yomwe munthu angaisinthe popanda kumanganso pulogalamu yonse.

Zinenerozi sizinabadwe mofanana. Lua inapangidwa mu 1993 pa yunivesite ya PUC-Rio ku Brazil ndi Roberto Ierusalimschy, Luiz Henrique de Figueiredo ndi Waldemar Celes, ndipo kuyambira pachiyambi inkadziwa kuti izikhala mlendo m'mapulogalamu a anthu ena. Tcl, yomwe John Ousterhout anaiyamba mu 1988, inalinso ndi maganizo omwewo. Python ya Guido van Rossum, yomwe inatuluka mu 1991, inakula ikudziona ngati mwini nyumba. Kusiyana kumeneku tikumana nako kangapo kutsogoloku.

Antchito ambiri, kabati imodzi

Pulogalamu ikamayenda, kompyuta imaipatsa dera lakelake la memory lomwe mapulogalamu ena sangalikhudze. Pulogalamu yoyenda pamodzi ndi dera lakelo imatchedwa process. M'kati mwa process imodzi mukhoza kukhala mizere ingapo ya ntchito yoyendera limodzi, ndipo mzere uliwonse ndiwo thread. Zili ngati ofesi imodzi yokhala ndi antchito angapo koma kabati ya mafailo ili imodzi. Aliyense atha kutsegula kabatiyo nthawi iliyonse osapempha. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo ngozi yake ndi yomweyo. CPU za masiku ano zili ndi ma core angapo, kutanthauza timagawo totha kugwira ntchito patokha, choncho ma thread awiri amathadi kugwira failo imodzi pa nthawi imodzimodziyo.

Tione pafupi zomwe zimachitika m'kati mwa Python. Chinthu chilichonse, kaya ndi mndandanda, mawu kapena nambala, chimakhala ndi kanambala kowerenga kuti ndi angati akuchigwiritsa ntchito. Wina akachigwira, kanambalako kamakwera. Akachisiya, kamatsika. Kakafika pa 0, chinthucho chimafufutidwa ndipo memory yake imabwezedwa kuti igwire ntchito ina.

Kuonjezera 1 kumaoneka ngati chinthu chimodzi, koma kwa CPU ndi zinthu zitatu: kuwerenga nambala, kuonjezera, kulemba yankho. Tinene kuti kanambala kali pa 1. Thread A yawerenga 1. Isanalembe, thread B nayo yawerenga 1. A yalemba 2. B yalembanso 2. Ogwira chinthucho ndi atatu, koma kanambala kakuti awiri. Awiri akasiya, kafika pa 0, Python ichifufuta chinthu chija wachitatu akadali chigwirire. Memory ija ipatsidwa chinthu china, ndipo wachitatu uja akadzabwera kudzawerenga mndandanda wake apezapo zinyalala. Pulogalamu imagwa, koma osati pomwe cholakwika chinachitikira. Imagwa pakapita mphindi khumi kapena ola, pamzere wosalakwa konse. Vuto lotere amalitcha race condition, ndipo kuipa kwake n'kwakuti mukaiyendetsanso pulogalamu kuti mulione, nthawi zambiri silibweranso.

Si kanambala kokha. Womasulira ali ndi matebulo a mayina, mndandanda wa ma module omwe alowetsedwa kale, ndi kachitidwe kotolera zinthu zosagwiranso ntchito. Zonsezi zimaonongeka ngati awiri azisintha nthawi imodzi.

Loko mmodzi pakhomo

Yankho la Python, kuyambira mu 1992, linali losavuta: loko mmodzi wa womasulira yense, wotchedwa Global Interpreter Lock, mwachidule GIL. Thread iliyonse yofuna kukhudza chinthu cha Python iyenera kuyamba yatenga kiyi. Ena onse amadikira panja. Ruby nayo ili ndi loko wa mtundu womwewu.

Kuti mmodzi asakhalitse m'kati, womasulira amasinthanitsa. Kale ankawerenga malamulo 100 n'kumasula loko. Kuyambira Python 3.2 mu 2011, potsatira ntchito ya Antoine Pitrou, thread yodikira imadikira ma millisecond 5 kenako n'kupempha kuti wam'kati atuluke. Komanso thread ikafuna kudikira chinthu chakunja, monga kuwerenga failo kapena yankho lochokera pa intaneti, imabweza kiyi isanayambe kudikira. Malaibulale ena a C monga NumPy amabwezanso kiyi akamachita masamu aatali osakhudza zinthu za Python. N'chifukwa chake ma thread amathandiza kwambiri pa ntchito yodikiradikira, koma sathandiza kwenikweni pa masamu olembedwa mu Python yeniyeni. Ma core asanu ndi atatu, wogwira ntchito mmodzi.

Kwa munthu wolemba Python wamba, zonsezi zimachitika kuseri. Kwa woika Python m'pulogalamu yake, kiyi uja amamugwira ndi manja ake.

Ineyo ndinathera madzulo onse pa kapulogalamu kosakwana mizere 100. Thread yaikulu inkadzutsa womasulira ndi Py_Initialize, n'kuyambitsa ma thread anayi, kenako n'kukhala pansi kudikira kuti amalize. Thread iliyonse inkayamba ndi PyGILState_Ensure, monga mmene malangizo amanenera, kuti itenge kiyi. Nditakayendetsa, kunali zii. Palibe uthenga wa cholakwika, palibe kugwa, CPU ili pa 0. Nditasuzumira ndi GDB ndinapeza ma thread anayi onse ali pamzere umodzi, akudikira loko, pomwe thread yaikulu ikudikira iwowo.

Chomwe ndinali nditaiwala n'chakuti Py_Initialize ikamaliza, imasiya kiyi m'manja mwa thread yomwe yaiitana. Nanga lamulo la ma millisecond 5 lija? Pempho lakuti "tuluka" limamveka pokhapokha wogwira kiyi akuyendetsa malamulo a Python, chifukwa womasulira ndiye amayang'ana ngati pali wogogoda. Thread yanga yaikulu inali itabwerera ku C, kiyi ali m'thumba, osamva kugogoda kulikonse. Mankhwala ake anali mzere umodzi, PyEval_SaveThread, wobweza kiyi isanakhale pansi.

PyGILState_Ensure, yomwe inabwera ndi Python 2.3 mu 2003, imachita zinthu ziwiri. Imalembetsa thread yomwe Python sinaipange yokha kuti womasulira aidziwe, kenako imatenga loko. Iliyonse iyenera kukhala ndi PyGILState_Release yake. Olemba C++ ambiri amagwiritsa ntchito pybind11, yomwe ili ndi gil_scoped_acquire ndi gil_scoped_release zochita izi zokha. Komabe pali kamsampha komwe kamakola ngakhale akatswiri: kungosiya chinthu cha Python, kutsitsa kanambala kaja ndi Py_DECREF, nakonso kumafuna kiyi. Chinthu cha C++ chosunga chinthu cha Python m'kati chikafufutidwa pa thread yopanda kiyi, mwabwerera ku nkhani ya A ndi B ija osadziwa.

Maloko akakhala awiri

Apa ndiye pagona nkhani. Pulogalamu ya ma thread ambiri imakhala kale ndi maloko akeake, otchedwa mutex, otetezera deta yake. Mukalowetsa Python mwaonjezera loko wina yemwe simunamupange, ndipo amatsegulidwa ndi kutsekedwa pa nthawi zomwe simuzilamulira.

Tinene kuti pulogalamu yanu ili ndi tebulo la makasitomala lotetezedwa ndi mutex. Script ina ikuyenda pa thread A, ndiye kuti A yagwira GIL. Scriptyo yaitana kachidutswa ka C++ kowerenga tebulo, choncho A ikufuna mutex. Pa nthawi yomweyo thread B, yomwe ikusintha tebulolo, yagwira kale mutex, ndipo ikufuna kudziwitsa script ina kuti mzere wasintha. Kuti itero ikufuna GIL. A ili ndi kiyi yemwe B ikufuna, B ili ndi kiyi yemwe A ikufuna, ndipo palibe yomwe ingasiye wake. Zimenezi ndiye deadlock. Onse awiri ali kakasi, ndipo posakhalitsa thread ina iliyonse yofuna Python kapena tebulo lija imadzafola kumbuyo kwawo mpaka pulogalamu yonse itauma.

Chopweteka n'chakuti mbali iliyonse payokha ndi yolondola. Wolemba mbali ya A sanalakwe, wa B sanalakwenso. Vuto limabadwa pokhapokha awiriwa akumana pa kamphindi kolakwika, mwina kamodzi pa sabata, mwina kamodzi pa mwezi, kawirikawiri pa kompyuta ya kasitomala osati yanu.

Njira zopewera zilipo, ndipo zonse zimafuna mwambo osati nzeru zapadera. Yoyamba ndi kugwirizana kuti maloko azitengedwa mu dongosolo limodzi nthawi zonse. Ngati lamulo ndi lakuti mutex choyamba, GIL pambuyo, ndiye kuti A iyenera kubweza GIL isanapemphe mutex. Python ili ndi Py_BEGIN_ALLOW_THREADS ndi Py_END_ALLOW_THREADS za ntchito imeneyi. Ina, yomwe ine ndimaiona kuti imapulumutsa anthu ambiri, ndi kusaitana script konse mutagwira loko wanu. B ikopere zomwe ikufuna kunena, imasule mutex, kenako ipite kwa womasulira manja ali opanda kanthu.

Palinso chinthu china chobisika. Kugwira GIL sikutanthauza kuti mukhala nayo mpaka mutafuna kuisiya. Nthawi iliyonse mukaitana Python kuti ichite kanthu, womasulira akhoza kupereka kiyi kwa wina n'kudzakubwezerani pambuyo pake. Ngakhale Py_DECREF ikhoza kuyambitsa script, ngati chinthu chofufutidwacho chili ndi malamulo ake otsanzikira. Mukabwerera, mndandanda womwe munauwerenga mizere iwiri yapitayo ukhoza kukhala utasintha. GIL inapangidwa kuti iteteze zam'kati mwa womasulira, osati maganizo a pulogalamu yanu.

Aliyense chipinda chake

Lua inatenga njira ina. Zonse zomwe womasulira wa Lua amadziwa zimakhala m'chinthu chimodzi chotchedwa lua_State, ndipo palibe chosungidwa pabwalo choti onse azigawana. Mukaitana luaL_newstate kanayi, muli ndi omasulira anayi osadziwana. Thread iliyonse ipatseni wake, ndipo onse ayendera limodzi pa ma core anayi popanda loko aliyense. Womasulira wa Lua ndi wopepuka kwambiri, moti kukhala nawo ambiri si nkhani.

Misampha ilipo iwiri yodziwika. Woyamba ndi dzina. Lua ili ndi lamulo lotchedwa lua_newthread, ndipo munthu watsopano amaganiza kuti wapeza chomwe amafuna. Ayi ndithu. Chomwe lamuloli limapanga ndi coroutine, kantchito kotha kuima pakati n'kudzapitiriza, koma kokhala m'chipinda chomwecho ndi kugawana zinthu zonse ndi kholo lake. Mukapereka ma coroutine awiri a womasulira mmodzi kwa ma thread awiri enieni, mwaphwanya zinthu. M'kati mwa Lua muli malo otchedwa lua_lock ndi lua_unlock, koma anawasiya opanda kanthu mwadala. Wofuna kugawana womasulira mmodzi aziikamo yekha loko, ndipo akatero wadzipangira GIL yakeyake.

Msampha wachiwiri umakhudza olemba C++. Lua ikamangidwa ngati C, cholakwika cha mu script chimadumpha kubwerera kumbuyo pogwiritsa ntchito longjmp. Kudumpha kumeneku sikulemekeza dongosolo la C++ lomasula zinthu zokha potuluka. Ngati munagwira mutex n'kuitana Lua, ndipo script yalakwitsa, mutex uja akhoza kutsala wotseka mpaka kalekale. N'chifukwa chake anthu amaitana script kudzera mu lua_pcall, yomwe imagwira cholakwikacho chisanadumphe malire, kapena amamanga Lua yonse ngati C++.

Maganizo a chipinda chakechake sali ku Lua kokha. V8, injini ya JavaScript ya mu Chrome ndi Node.js, ili ndi zomwe imazitcha isolate. Isolate iliyonse ili ndi memory yake, ndipo imalola thread imodzi yokha pa nthawi. Mukafuna kuisamutsa kuchoka pa thread ina kupita pa ina mumadzera pa v8::Locker. Ma worker_threads a Node.js ndi Cloudflare Workers amamangidwa pa maziko amenewa. Tcl ndiye yokhwimitsa kwambiri: womasulira ndi wa thread yomwe inamupanga, ina iliyonse isamukhudze.

Mtengo wa njira imeneyi umaoneka mukafuna kuti zipinda zilankhulane. Tebulo la mu womasulira woyamba silingangoperekedwa kwa wachiwiri. Liyenera kukoperedwa, kapena kusandutsidwa uthenga n'kumangidwanso mbali inayo. Womasulira aliyense amalowetsanso ma module ake payekha. Ndipo wolemba script yemwe waika kanambala kowerenga alendo amadabwa kuona kakupereka mayankho anayi osiyana, osadziwa kuti script yake ikuyenda m'zipinda zinayi.

Python nayo ili ndi zipinda zotere, zotchedwa subinterpreter, kuyambira nthawi ya Python 1.5 kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Koma kwa zaka zambiri zipinda zonse zinkagwiritsa ntchito GIL imodzi, ndiye phindu la liwiro panalibe. Python 3.12 mu 2023, kudzera mu PEP 684, chikalata chopempha kusintha kwa Python cholembedwa ndi Eric Snow, inalola womasulira aliyense kukhala ndi GIL yake, ndipo 3.14 inaonjezera module ya concurrent.interpreters kuti izi zitheke kuchokera mu Python momwemo. Apa ndi pomwe khalidwe la mwini nyumba lija limaonekera. Malaibulale ambiri a C analembedwa poganiza kuti womasulira ndi mmodzi m'process yonse, ndipo amasunga zinthu zawo pabwalo. NumPy ndi chitsanzo chodziwika cha laibulale yomwe sigwirizana bwino ndi ma subinterpreter. Ogwiritsa ntchito mod_wsgi, chida choyendetsera Python m'kati mwa seva ya mawebusaiti ya Apache, akhala akuuzidwa kwa zaka zambiri kuti akakumana ndi malaibulale otere akakamize pulogalamu yawo kuyenda mwa womasulira wamkulu. Ngakhale PyGILState_Ensure yomwe ija inapangidwa poganizira womasulira mmodzi, moti kuisakaniza ndi ma subinterpreter kumafuna kusamala kwambiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Windo limodzi, mzere panja

Mapulogalamu ambiri otchuka anasankha njira yosadzionetsera. Womasulira amakhala pa thread imodzi yokha moyo wake wonse. Ma thread ena akafuna kanthu amalemba pempho n'kuliika pamzere, ndipo thread ya womasulira imatenga limodzilimodzi. Blender imachenjeza poyera kuti kukhudza deta yake kuchokera ku thread ina ya Python kukhoza kuigwetsa, ndipo imalangiza kugwiritsa ntchito mzere wa mapempho womwe thread yaikulu imauyang'ana pafupipafupi. GDB ili ndi gdb.post_event ya ntchito yomweyi.

Redis, seva yosunga deta, ndiye imaonetsa bwino ubwino ndi kuipa kwake. Kuyambira mtundu wa 2.6 mu 2012 imayendetsa ma script a Lua, ndipo script ikamayenda palibe lamulo lina lililonse lomwe limachitika. Wolemba script safunika kuganiza za maloko, popeza palibe womulowerera. Koma script ikachedwa, onse amadikira. Ikapitirira masekondi 5, omwe ndi malire oikidwiratu, Redis imayamba kuyankha ena onse kuti BUSY. Mukhoza kuipha ndi SCRIPT KILL pokhapokha ngati sinalembe kanthu. Ngati yalemba kale, chotsala ndi kudikira kapena kuzimitsa seva ndi SHUTDOWN NOSAVE, chifukwa kuidula pakati kungasiye deta itasinthidwa theka.

Ena amamutulutsiratu womasulira kunja, m'process yakeyake. Ma plugin a GIMP amayenda chonchi, a Sublime Text chimodzimodzi. PostgreSQL imapatsa kulumikizana kulikonse process yake, ndiye Python ya m'kati mwake sikumana ndi ma thread a ena. Script ikagwa sigwetsa pulogalamu yonse, koma chilichonse chodutsa pakati chiyenera kutumizidwa ngati uthenga.

Nanga GIL ikachoka?

Kuyesa kuchotsa GIL si kwa lero. M'zaka za m'ma 1990, Greg Stein anaichotsa n'kuika timaloko ting'onoting'ono paliponse. Zinagwira ntchito, koma mapulogalamu a thread imodzi, omwe ndi ambiri, anayamba kuchedwa kwambiri. Mu 2007 Guido van Rossum ananena kuti angavomere kuchotsa GIL pokhapokha mapulogalamu oterewa asachedwe. Larry Hastings anayesanso cha m'ma 2016 ndi ntchito yomwe anaitcha Gilectomy, n'kugunda khoma lomwelo: kanambala kaja kowerenga ogwira chinthu. Kukateteza kuti ma core onse azikasintha mosasokonezana n'kodula, ndipo Python imakasintha pafupifupi pa chilichonse chomwe ikuchita.

Sam Gross ndiye anapeza polowera, ndipo PEP 703 yake inavomerezedwa mu 2023. Nzeru yake yaikulu ndi yakuti zinthu zambiri zimagwiritsidwa ntchito ndi thread yomwe inazipanga yokha. Choncho chinthu chilichonse chili ndi tinambala tiwiri: kamodzi ka mwini wake, kosintha mwachangu popanda chitetezo, kena ka alendo, kosintha mosamala. Zinthu zogwiritsidwa ntchito ndi aliyense monga None, True ndi False siziwerengedwanso n'komwe, popeza sizifufutidwa. Mindandanda ndi madikishonale zili ndi timaloko tawotawo. Mu 3.13 mtundu umenewu unkachedwa ndi pafupifupi 40 peresenti pa ntchito ya thread imodzi. Mu 3.14 kuchedwako kunatsika kufika pakati pa 5 ndi 10 peresenti, malinga ndi makina.

Kwa woika Python m'pulogalamu yake, chosintha chachikulu n'chakuti ma thread ake akhoza kuyendetsa ma script nthawi imodzi mwa womasulira mmodzi, akugawana zinthu popanda kukopera. Ichi n'chimene njira ya zipinda singapereke.

Zosasintha ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Thread iyenerabe kulembetsa kwa womasulira isanakhudze chinthu cha Python, ndipo iyenerabe kunena ikamachoka kukadikira zina. Chifukwa chake n'chakuti potolera zinthu zosagwiranso ntchito, womasulira amaimitsa ma thread onse olembetsa kwa kanthawi. Thread yomwe yalembetsa koma yakhala phee kudikira mutex wanu siyankha kuitanako, ndipo onse amaima kuidikira. Deadlock ija yangosintha zovala. Chachiwiri, laibulale ya C yomwe sinanene kuti ndi yokonzeka kuyenda popanda GIL ikalowetsedwa, Python imabwezeretsa GIL yokha n'kupereka chenjezo. Chachitatu ndi chomwe chimadetsa nkhawa kwambiri: code ya C++ yambiri yolumikizana ndi Python yakhala ikutetezedwa ndi GIL mwangozi. Wolemba sanaike loko pa tebulo lake chifukwa, mosadziwa, ma script sankafikapo awiri nthawi imodzi. Loko wamkulu akachoka, malo onse otere amakhala pambalambanda.

Choncho ena akusamukira ku mtundu wopanda GIL, ena akuyesa ma subinterpreter, ena akhalabe ndi thread imodzi ndi mzere wake. Aliyense akulipira pena: wina ndi maloko ambiri oti awasamale, wina ndi kukopera deta, wina ndi ma core ongokhala.

Kuimitsa script ndi kutseka pulogalamu

Mbali yomwe imaiwalika mpaka tsiku lomaliza ndi yotuluka. Wogwiritsa ntchito akalemba script yozungulira kosatha, mumaiimitsa bwanji? Kupha thread mokakamiza n'koopsa, chifukwa imafa itagwira maloko. Lua ili ndi lua_sethook, yomwe imakuitanani pakatha malamulo angapo omwe mwasankha, ndipo pamenepo mukhoza kuponya cholakwika n'kuidula. V8 ili ndi TerminateExecution, yololedwa kuitanidwa kuchokera ku thread ina. Python ili ndi PyThreadState_SetAsyncExc, koma imagwira pokhapokha thread ibwerere ku malamulo a Python. Ngati yakakamira m'kati mwa laibulale ya C, simva. Ndipo chizindikiro cha Ctrl+C, monga ma signal ena onse, Python imachilandirira pa thread yaikulu ya womasulira wamkulu basi.

Kutseka nako kuli ndi dongosolo lake. Muyambe mwaletsa mapempho atsopano, mudikire ma thread onse okhudza Python amalize, thread yomwe inadzutsa womasulira itengenso kiyi, kenako iitane Py_FinalizeEx. Thread ikachedwa n'kudzagogoda womasulira ali m'kati motseka, mitundu yakale ya Python inkaithetsa pomwepo, zomwe mu C++ zinkatha kugwetsa pulogalamu yonse kapena kusiya mutex wotseka. Kuyambira 3.14, thread yotereyo imangoimitsidwa osabwereranso. Ngati pulogalamu yanu imadikira ma thread ake pambuyo pa Py_FinalizeEx m'malo mowadikira isanaitanidwe, windo lidzatsekeka bwinobwino, koma process idzatsalabe pamndandanda wa zoyenda, CPU ili pa 0, ikudikira thread yomwe sidzabweranso.